Dengu Limene Silinalowe pa Geti

Inu amene mukuti zanu zathera pomwepa, dikirani kaye ndikuuzeni za mayi wina amene m'mawa wina anaima kuseri kwa nyumba ya achemwali ake, akuyang'ana nkhuku zakufa zimene sizinali zake.

Zinali mbwee pabwalo ponse. Ina inafera pachomwera, mutu uli m'madzi. Ina pansi pa chingwe choyanikapo zovala. Tambala wamkulu wofiira amene ana ankamuthawa anali asanafe, koma ankangozungulira pamodzimodzi, khosi litapindikira kumsana, maso ali kumwamba. Mayiyo anali asanaonepo zoterezi chibadwire.

Achemwali akewo anali chilili pakhomo la khola, beseni la chakudya cha nkhuku lili m'manja. Panalibe yoti aidyetse.

Kuti mumvetse mmene zinafikira apa, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mayiyu anthu ankamutchula kuti amake mapasa. Mwamuna wake anali dalaivala wa lole, ndipo anamwalira ana aakazi awiriwo ali ku pulayimale. Anamusiyira nyumba ya zipinda ziwiri, mpanda wa malata akutha, ndi kabwalo kakuseri koti mbuzi itembenukemo movutikira. Maliro atatha anthu anabalalika monga amachitira. Amene anabweranso ndi achemwali ake okha, omwe anamulera iye mayi awo atamwalira. Anafika atasenza dengu, m'dengumo muli misoti ingapo ndi katambala.

"Kulira kwakwana," anatero achemwaliwo. "Izi zikuphunzitsa kudzuka m'mawa."

Achemwali ankadziwa zimene ankanena. Kwawo nyumba yonse inkaima pa mazira, chifukwa amuna awo, alamu ake a mayiyu, maso anali atayamba kuwavuta ndipo ntchito anali atasiya. Kupereka misoti imeneyo kunali kudzimana.

Nkhukuzo zinaswana bwino mpaka nyengo yotentha itafika. Tsiku lina thadzi limodzi linaima pakona, mapiko atagwa ngati lavala chikhoti, likupuma kukamwa kuli yasa. Zitosi zake zinali zamadzi, zobiriwira. Mayi wogulitsa makala anati asinje tsabola athire m'madzi akumwa. Wina anati atsegule kapisozi ya mankhwala a anthu. Amake mapasa anachita zonsezo, pakuti munthu akamamira amagwira chilichonse, koma nkhuku zinayamba kugwa imodziimodzi.

Zitatsala zochepa, zija zinkadyabe ndi kuthamanga, iye anaganiza zimene ambiri a ife tikanaganiza: pamalo pano palowa mphepo yoipa, ndizithawitse. Anaziika m'dengu lija n'kulunjika kwa achemwali. Anapeza atapita kumsika. Anatsegula yekha khola, n'kuzilowetsa pakati pa zinzake, ndipo anangowauza alamu kuti wasungitsa nkhuku masiku ochepa. Zoti kwake zikufa sananene. Manyazi anamugwira pakamwa, pakuti nkhukuzo zinali mphatso.

Sabata isanathe bwino, anamuitana. Ndi mmene anapezekera pabwalo paja.

"Kwako zinafa?" anafunsa achemwali. Mawu awo anali otsika kwambiri.

"Zinafa, achemwali."

"Ndiye zotsala unabweretsa kuno, n'kukhala chete?"

"Zimaoneka zabwinobwino. Ndimati ndizipulumutse."

Achemwali anaika beseni pansi mosamala, ngati muli mazira. Akanakalipa zikanakhala bwino. Akanamumenya khofi mwina nkhani ikanathera pomwepo. Koma iwo anangoloza pakona la mpanda.

"Dengu lako ndi ilo. Pakhomo pano usadzapondenso."

Mbiri yoipa silipira ndalama ya basi. Pofika madzulo, msewu wawo wonse unali utamva kuti mayi wamasiye uja wapha nkhuku zake, n'kukaphanso za amene anamuthandiza. Dzina lakuti amake mapasa linathera pomwepo. Pampopi, pagolosale, ngakhale potuluka m'tchalitchi, anayamba kumutchula kuti Nachitopa, potengera chitopa chimene chinapha nkhukuzo. Akamadutsa, amayi ena ankaingitsira nkhuku zawo kuseri akuseka. Iye ankangoweramitsa mutu, chifukwa mumtima ankavomereza kuti dzinalo lamuyenera.

Chimene chinkamusowetsa tulo si nkhuku ayi. Chinali chakuti munthu yekhayo amene anamutsalira padziko pano anali atamutsekera chitseko, ndipo iye sankamvetsa kuti nkhuku zooneka zathanzi zinapha bwanji khola lonse.

Funso limenelo ndi limene linamukokera kusitolo ya mankhwala a ziweto. Kumeneko anapeza mlangizi wa ziweto, bambo wa imvi za m'mbali, wosakonda kukometsera mawu.

"Ndikufuna mankhwala a chitopa," anatero mayiyo.

"Kulibe, mayi. Amene angakugulitseni mankhwala a chitopa wakuberani. Chilipo ndi katemera, ndipo amapatsa nkhuku isanadwale."

Nachitopa anafotokoza nkhani yonse, osabisa kanthu. Mlangizi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nkhuku imatha kukhala ndi matendawa masiku angapo ikudya, ikuthamanga, inu n'kumati ili bwino," anatero. "Pamene zinzake zayamba kufa, zotsalazo muziziona ngati zatenga kale. Ndipo matendawa amayendanso pa nsapato, pa zovala, pa dengu."

"Ndiye kuti sinali mphepo ya pamalo? Ndinawapititsa ndekha?"

"Munawasenza pamutu, mayi."

Nachitopa anakhala pathumba la chakudya cha nkhuku limene linali pafupi, n'kumangoyang'ana manja ake. Mlangizi sanamuthamangitse. Anagulitsa kaye kwa anthu ena, kenako anabwerera n'kumufunsa ngati akufuna kulira kapena kuphunzira, chifukwa zonse ziwiri zimatenga nthawi ndipo sitolo imatsekedwa.

Anasankha kuphunzira. Madzi akatayika saoleka, koma mtsuko umatha kutungidwanso.

Atafika kunyumba anatentha dengu lija pamodzi ndi zinyalala zonse za m'khola. Anakolopa pansi, n'kutsuka zomwera ndi zodyera ndi mankhwala ophera tizilombo, n'kupaka laimu m'makoma. Kenako khola analisiya lopanda kanthu kupitirira mwezi. Anthu ankati mutu wake sukuyenda bwino, munthu kumasesa nyumba ya nkhuku zoti kulibe. Iye ankayenda m'makomo kuchapa zovala za eni, mpaka zala zinasupuka. Pakhomo pena anapempha kuti m'malo mwa malipiro amupatse thadzi ndi anapiye ake.

Musaganize kuti kuchokera apo zinangoyenda myaa. Mvula itayamba, anapiye aja anazolika, nthenga zili nyankhalala, ndipo m'zitosi munaoneka magazi. Nachitopa anathamanga mpaka kusitolo kuja duku lili m'manja.

"Chabweranso," anatero akupuma wefuwefu. "Ndine watsoka ine, bambo."

"Magazi m'zitosi? Chimenecho si chitopa. Pansi pa khola lanu panyowa?"

Panali patanyowadi. Denga linkadontha, ndipo anapiye ankatayira madzi pautuchi. Mlangizi anamupatsa mankhwala othira m'madzi akumwa, n'kumuuza kuti atsate muyezo wake osaonjezera za m'mutu, achotse utuchi wonyowa, ndipo chomwera achikweze pa njerwa. Awiri anafa. Koma patapita masiku ochepa, kamwanapiye kena kamene anali atakataya kale mumtima kanadzuka, n'kudzikung'untha, n'kuyamba kujompha chakudya. Nachitopa anagwira pakamwa. Moyo wake wonse ankadziwa kuti nkhuku ikadwala ndiye kuti mpeni basi, ndipo aka kanali koyamba kuona yodwala ikuchira m'manja mwake.

Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wa maso. M'mawa uliwonse ankanjuta pakhomo la khola asanatsegule, kuona imene yatsalira pamtanda, imene ikutsinzina, imene sikuthamangira chakudya. Mapasa ankamuseka kuti anzawo amayi awo amawerenga nyuzipepala, awo amawerenga zitosi. Iye ankati zitosi sizinama.

Anaphunzira kuti nkhuku yodya kwambiri koma fupa la pachifuwa lili lakuthwa imakhala ndi nyongolotsi, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake. Yotupa kumaso ndi kuchucha mamina ankaichotsa msanga pakati pa zinzake n'kuiika m'bokosi lakelake, n'kukafunsa mlangizi asanaipatse kanthu. Tizilonda ta nkhanambo pamutu ndi kumaso anadziwa kuti ndi chikwirikwiti. Utitiri ukakakamira m'zikope ankaupaka mafuta odzola, ndipo pakona la khola ankathira phulusa ndi mchenga kuti nkhuku zizisamba.

Anaikanso malamulo amene alendo ankadana nawo. Pakhomo la khola panali nsapato zakezake zimene sizinkatuluka kunja. Wogula mazira ankathera pa geti. Nkhuku yachilendo, kaya yogula kaya yamphatso, kaya yachokera kwa abusa, inkakhala payokha masabata awiri isanaonane ndi zinzake. Ndipo miyezi inayi iliyonse ankakatenga kabotolo ka katemera, n'kukakulunga m'kansalu konyowa kuti kasatenthe panjira, n'kudonthetsera nkhuku iliyonse dontho limodzi m'diso.

Kabotoloko kanali ndi madontho ambiri kuposa nkhuku zake, ndipo kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu. Kutaya anaona ngati tchimo. Choncho anayamba kugogoda m'makomo a anzake.

"Nachitopa, watsiriza za achemwali ako, ndiye wayamba kuyenda khomo ndi khomo?" anatero mayi wa makala uja. "Zangazi zisiye zife ndi ukalamba."

Amene anavomera ndi awiri okha: kalipentala wa pakona, amene anati nkhuku zake n'zopusa kale palibe choonongeka, ndi telala wina wachikulire amene ankachita ulesi kukana.

Nyengo yotentha inabweranso, ndipo chitopa sichinaphonye. Chinalowa mumsewu wawo ngati moto wa m'udzu wouma. M'maenje a zinyalala munadzaza nthenga. M'mawa wina anthu anadzuka n'kudabwa kuti kunja kuli zii. Atambala amene ankasokosera mbali zonse anali atatha. Analira atatu okha: wa kalipentala, wa telala, ndi wa Nachitopa.

Mayi wa makala anafika pa geti tsiku lomwelo, manja ali kumbuyo, akuyang'ana nkhuku zikupalasa ngati palibe chachitika.

"A Nachitopa," anatero, "kadontho kaja kakadalipo?"

Mwaona mmene ulemu umabwerera? Dzina linali lomwe lija, koma tsopano linali ndi "a" kutsogolo. Nachitopa anamuuza mayiyo kuti pamene zayamba kufa katemera sachiza, akwirire zakufa mozama, asagulitse zotsala, ayeretse khola, ndipo akadzayambiranso adzamuitane. Sanamukumbutse za ukalamba zija, ngakhale ine ndikanakumbutsa.

Zaka zinapita. Khola linakula mpaka kudya theka la kabwalo kaja. Magolosale a m'deralo ankadikira mazira ake. Mpanda wa malata akutha unasanduka wa njerwa, mapasa anafika ku sekondale, ndipo mlangizi ntchito ikamuchulukira ankauza anthu kuti apite kwa mayi uja akawaonere. Anthu ankati mayiyu zamuyendera.

Koma chimene iye ankafuna sichinabwere. Anatumiza mazira kwa achemwali, ndipo anabwezedwa osasweka ndi limodzi lomwe. Atamva kuti achemwali ayambiranso kuweta, anakumana ndi alamu panjira n'kupempha kuti abwere adzatemere. Alamu anapita ndi uthengawo, n'kubwera ndi yankho akuyang'ana pansi.

"Akuti nkhuku zawo zinalawa kale chithandizo chanu, mlamu."

Kumaliro a abale, achemwali ankakhala mbali ina. Nachitopa ankabwerera kunyumba, n'kulowa kuchipinda, n'kulira ngati mwana. Anali ndi nkhuku zodzaza khola, koma analibe woti amutchule kuti mng'ono wanga.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yotentha yomwe ija, wina anagogoda pa geti. Nachitopa anasuzumira pampata. Anali achemwali, ataonda, duku litapendekeka, thukuta lili kamukamu. Pamutu anali atasenza dengu lovundikira ndi nsalu, ndipo mkati munkamveka nkhuku.

"Tsegula, mng'ono wanga," anatero. "Kwathu zikufa. Izi zatsalazi n'zabwinobwino, ndati ndizithawitsire kuno."

Tsiku limeneli analilota kambirimbiri. Ankati achemwali akadzafika adzatsegula geti lonse, adzagwada, adzayala mphasa yatsopano. Dzanja lake linali kale pa loko. Kumbuyo kwake nkhuku zinkapalasa, za iye yekha ayi, komanso anapiye amene anthu a mumsewuwo anali akudikira kuti akayambirenso. Ankadziwa kuti akakana, mwina achemwali sadzabweranso mpaka imfa.

Anatsegula kampata kongokwana thupi lake, n'kutuluka, n'kutseka geti kumbuyo kwake.

"Achemwali, dengu ili silingalowe."

Achemwali anamuyang'ana ngati sanamve bwino.

"Ukundibwezera?"

"Ayi, achemwali. Inuyo lowani lero, mawa, tsiku lililonse, mukasamba ndi kusintha nsapato. Koma izi zatenga kale. Mmene zikuonekeramu, zanga zija zimaonekanso chomwechi."

Panadutsa njinga. Panadutsa mwana wa sukulu. Achemwali anatula dengu pang'onopang'ono, n'kuvundukula nsalu. Nkhukuzo zinasuzumira, zamaso owala, zooneka zathanzi. Imodzi yokha pakona inali itayamba kutsinzina. Achemwali anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana msewu umene anadzera, kenako mng'ono wawo.

"Ndiye tsiku lija unabwera chonchi?" anafunsa. "Mtima uli m'mwamba, ukuti ndikangofika kwa achemwali zipulumuka?"

"Eya, achemwali."

"Ndipo ine panjira ponsepa ndimaganiza kuti ndikafika ndisanene kuti zafa zingati."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuphimba nkhope ndi nsalu ija. Mayi amene sanalire pamene khola lake lonse linatha analira pa geti la mng'ono wake, anthu akuona. Nachitopa anagwada pambali pawo n'kuwagwira phewa, ndipo iwo sanachotse dzanjalo.

Kenako Nachitopa anaitana mapasa kuti amuponyere khasu, nsapato zakutha ndi chovala chogwirira ntchito pamwamba pa mpanda. Anawauza kuti adyetse okha nkhuku, ndipo iye akabwera asamulole kuyandikira khola asanasambe ndi kusintha zovala. Anavundikira dengu lija, n'kulisenza pamutu pake.

"Tiyeni kwanu, achemwali. Ntchito ili kumeneko."

Analowa pakhomo paja pamene anauzidwa kuti asadzapondenso, ndipo alamu atamva mawu ake anaimirira n'kuvula chipewa. Tsiku lonse akazi awiriwo anakumba dzenje lakuya n'kukwirira zakufa, anapatula zodwala, anatentha utuchi ndi dengu, anaika madzi oyera ndi chakudya pamthunzi. Nachitopa sanawanamize. Anawauza kuti zambiri zifa, ndipo zinafadi. Zinatsala zowerengeka.

Matenda atadutsa ndipo khola litapuma, Nachitopa anabwera ndi dengu latsopano, muli misoti yotemera ndi katambala. Anafika pakhomo la khola n'kuyamba kumasula chingwe. Achemwali anamugwira mkono.

"Iwe, ukufuna kutani? Zachilendo zimayamba zakhala pazokha masabata awiri. Suja umatero?"

Anaseka onse awiri mpaka misozi. Lero miyezi inayi ikakwana, mudzawapeza akuyenda limodzi m'makomo, wamkulu akugwira nkhuku, wamng'ono akudontheza m'diso, akukangana za amene wachedwetsa mnzake.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munalakwitsa chinthu ndi manja anu, muli ndi cholinga chabwino, ndipo anthu anakupatsani dzina. Musathawe pamalo pamene munagwera. Funsani amene akudziwa, yeretsani khola lanu, yambiraninso ngakhale ndi thadzi limodzi, ndipo mukaphunzira choona muchigwire ngakhale wogogoda pa geti ali amene mumamukonda koposa. Mayi uja anataya achemwali ake chifukwa chotsegula khola, n'kuwapezanso chifukwa chotseka geti. Mtima wanu usagwe, m'bale wanga. Mawa m'mawa dzukani mukaone chimene chatsala chamoyo, muyambire pomwepo.